Chala Chimodzi Kuchidendene

Amayi, kodi mukukhalako bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Kabwata tilipo. Mng'ono wanga Tisa wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo ndi wolongolola ngati inu nomwe. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chachita bwino. Guluu ndiye wasowa m'tauni monse, zikopa nazo timachita kuimira pamzere ngati sopo.

Koma pali nkhani ikundidya mumtima. Mukukumbukira mapatani anu a nsapato aja munadula pamapepala a matumba a simenti? Tsiku la maliro anu analimo asanu m'sutikesi. Anthu atabalalika ndinapezamo anayi. Inasowa ndi ija ya masandasi a zingwe zitatu zopingasa, imene munaivutikira miyezi iwiri, kudula n'kutaya, mpaka chingwe chinaleka kuluma kachala kakang'ono. Ine ndinaloza alamu, amuna ake a Tisa, poti ndi amene ananyamula sutikesiyo. Chaka chatha ndisakuwapatsa moni.

Lachiwiri ndikudutsa m'tauni, ndinaona masandasi omwewo pawindo la sitolo ina. Ndinalowa n'kupempha saizi yanga. Ndinkadziwa kuti andithina, chifukwa inu munkadulira dala mapatani operewera, n'kumawonjezera chala chimodzi kuchidendene pojambula pachikopa. Munkati, "Woba pepalali akasoke, makasitomala ake adzatsimphina."

Amayi, anandikwana bwinobwino. Ndinayenda nawo mpaka pakhomo n'kubwerera, osandiluma paliponse.

Za chalacho alamu sazidziwa, ngakhale Tisa sazidziwa. Munaphunzitsa anthu awiri okha: ine ndi achimwene Mabvuto. Inde, Mabvuto wanu yemwe uja ankati zikopa zimanunkha, n'kukalowa ntchito ya muofesi. Yemwe uja analira kuposa tonse pamanda. Posachedwapa wamangitsa mpanda kunyumba kwake ku Chelstone, ndipo ndikamufunsa za ntchito amayamba kukamba za mvula. Mwina ndikumunamizira, monga ndinanamizira alamu. Koma ndakwiya, Amayi, ndipo ndikuchita manyazi.

Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndipita kukamuona. Ndikulonjeza kuti sindikakuwa pamaso pa ana ake, ndipo ndikayamba ndamumvera. Mapatani anayi otsalawo ndawachotsa kale m'nyumba muno, chifukwa Mabvuto kiyi wa pakhomo ali naye. Ndinakawasungitsa kwa alamu, ndipo anandilandira ndi manja awiri osandifunsa kanthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Enelesi