Tepi ya Bambo Ndinataya Ndine

Lolemba, 6 Novembala 2006

Matepi onse a vidiyo ndataya, galimoto ya zinyalala yatenga m'mawa. Ndi ya bambo yomwe, ya filimu yachimwenye ija, yotheratu. Ndawagulira DVD ya filimu yomweyo ku Stratford Road. Sindinawauze. Ndimati ndiwasangalatse.

Lachiwiri, 7 Novembala

Ndalakwitsa. Filimu ndi yomweyo, koma chizindikiro cha kampani cha koyambirira anasintha. Chakale chija: mkazi, mtsuko paphewa, akutsanula madzi, madziwo n'kusanduka zilembo zachihindi, belu n'kulira kamodzi. Chatsopanochi zilembo zagolide zozungulirazungulira, za pakompyuta.

Bambo anayendetsa makina a kanema ku Limbe zaka makumi awiri. Ankatiuza kuti chizindikiro si cha oonera, ndi cha woyendetsa makina. Mkazi akamatsanula madzi ukonze galasi chithunzi chioneke bwino, belu likalira wayesa mawu. Chiyambireni matenda oiwalawa, ntchito yawo ndi imeneyo. M'mawa tayi pakhosi, kuima pambali pa TV, kubweza tepi, kukonza, kubwezanso. Akatero mtima pansi tsiku lonse. Filimuyo saonera n'komwe. Zonsezi ndimazidziwa bwinobwino.

Lachisanu, 10 Novembala

Aima pa TV, aona zagolide zija. Akuti afika mochedwa, filimu yayamba iwo kulibe. Akundiyesa mwana wa bwana wawo. "Mukawauze abwana, sindidzabwerezanso." Ine ndangoti chabwino.

Kuntchito ndalirira m'chimbudzi cha pawodi.

Lamlungu, 19 Novembala

Atuluka kawiri sabata ino. Lachinayi ine ndili pashifiti, amuna anga a Norman ali m'bafa. Bambo anapezeka pa siteji ku Bordesley Green, opanda jekete kuzizira konseku, akufunsa basi ya ku Limbe, chonsecho tili kutsidya kwa nyanja.

A Norman abwera ndi fomu ya kunyumba yosungira okalamba. Akuti matenda akula basi, tisadzinamize. Iwo akuganiza kuti tepi inaduka yokha. Sindinawatsutse.

Kumudzi akadzamva kuti bambo ndawapereka kwa alendo. Ine nesi, wosamala makolo a eni.

Loweruka, 25 Novembala

Masitolo asanu ndi imodzi, ponse ma DVD okhaokha. Ku Soho Road mayi wina wachikulire wachimwenye wandimvetsa ndisanamalize, mpaka wapendeketsa manja ngati akutsanula mtsuko. Akuti kampaniyo inasintha chizindikiro katatu, cha mtsuko ndiye choyamba, ana a masiku ano sachidziwa. Akayang'ana m'galaja kwawo.

Pabasi ndakumbuka. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, bambo kundilowetsa m'nyumba ya kanema pakhomo la kumbuyo, kundinyamula ndisuzumire pa kazenera. Fungo la fumbi lotentha. Mkazi wa mtsuko uja wamkulu ngati nyumba. Ankandinong'oneza kuti nditseke pakamwa, ntchentche zingalowe.

Lachitatu, 29 Novembala

Tepi yapezeka. Mayi aja akana kuti ndilipire.

Ndaiika. Mkazi, mtsuko, belu, zonse. Bambo sanadzuke pampando. Akuti anachotsedwa ntchito, si bwino kugwira makina a eni. Ndabweza katatu. Manja ali pamaondo.

Ndagwada, ndawauza zonse. Kuti palibe anawachotsa, sanachedwe tsiku ndi limodzi lomwe, tepi ndinataya ndine. Andiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndaona kuti andizindikira.

"Roselyn mwanawe, ukanandifunsa."

Basi. Kenako apempha tiyi.

Lachinayi, 30 Novembala

A Norman ndawauzanso. Akuti malo kunyumba ya okalamba kuja atisungira mpaka mawa.

Lero bambo ayesanso chitseko, nsapato imodzi kuphazi.

Fomu ndikulemba ndine. Tsamba lachitatu akufunsa ngati pali chimene chasintha posachedwapa pa moyo wa wodwala. Asiya mizere iwiri yokha.