Yorleny sapitanso ku Spain

Achemwali Casilda,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kukuvutani. Ine kuno ku Nicoya ndayambanso kugona tulo, chifukwa mdzukulu wanga Yorleny sapitanso ku Spain. Bungwe lawo la ofufuza za ukalamba lamuthandiza kupeza ntchito pa yunivesite ku San José.

Atabwera kudzandiuza, anandipempha ndijambule wotchi papepala, ati ndi mmene amayesera mitu ya nkhalamba. Ndinati, "Iwe, sukulu yonseyi kuphunzira ukalamba? Ukanangodikira, ukalambawo umabwera wokha!" Anaseka, koma ataona wotchi yangayo kuseka kunatha.

Tsopano akuti azibwera Loweruka lililonse, ati wasowa nyemba zanga. Nyemba ziti, poti masiku ano ndimaziiwala pamoto? Sindinamufunse zambiri. Bola azibwera.

Ndine wanu,
Eduviges