Kanyali Kamene Munakamata

Mudzi wa Chimbalanga,
Nsaru,
Lilongwe.
6 Meyi 2024

Okondedwa achimwene a Chrispin,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, chimanga tayamba kukolola, ndipo shuga wa amayi watsikako. Ndalemba papepala chifukwa mawu a pafoni inu mumawatumiza kwa anthu ena. Kalatayi ibwera ndi a Faness amene akukwera basi mawa.

Pa 21 Epulo munalankhula pa gulu la banja la pafoni kuti ine Ackson ndine wakuba. Munati galimoto imene munagulira amayi yopitira kuchipatala ndaipha ndi mafuta a m'zigubu, ndipo ndadula mawaya ake kuti ndisagwidwe. Pagulupo pali anthu 23. Amayi anawamvetsera mawu amenewo kawiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo akandiona amangoyang'ana kumbali. Ine sindinayankhe. Lero ndiyankha, ndipo muwerenge mpaka kumapeto.

Galimotoyo munafika nayo pakhomo Lachiwiri pa 19 Disembala, inu ndi alamu anu a Zikani, kuchokera ku doko la Dar es Salaam. Pondipatsa makiyi, nambala ya makilomita inali 118,406. Ndinailemba m'kope langa, inu n'kumandiseka kuti ndine kalaliki wa sitandade 7. Ulendo uliwonse ndakhala ndikulemba tsiku, kopita ndi nambala.

Kuyambira sabata yoyamba, galimotoyo inkafooka pa mtunda. Ndinakuuzani pa 4 Januwale, munati sindidziwa kuponda. Pa 2 Epulo inazima pokwera chitunda cha kumunda kwa a Kamphinda, amayi ali m'kati, ndipo inalira patapita ola lathunthu. Apo ndiye munatumiza kachipangizo kanu kofufuzira matenda a galimoto, kamene munagula kumeneko.

Za pa 20 Epulo munangomva mbali ya a Zikani. Anabwera m'mawa ndi kachipangizoko, naitana amayi ndi amalume kuti adzaonerere. Anakalumikiza pansi pa chiwongolero, nayang'ana pafoni yawo. Anayesa kasanu. Foni inkangonena kuti galimoto sikuyankha.

"Mwaonatu mayi," anatero a Zikani. "Galimoto yabwino imayankha. Iyi aitseka pakamwa. Alamu, mawaya munadulawo munakagulitsa kuti?"

Ndinati, "Sindinakhudze waya aliyense."

"Nanga mafuta a m'chigubu simunathirepo?"

Amayi anandiyang'ana. Ndinati ayi.

Achimwene, apa ndinanama, ndipo ndikuvomera ndekha musanamve kwa wina. Loweruka pa 9 Malichi amayi anakomoka masana, geji ili pansi, pa siteshoni palibe mafuta. Ndinagula malita asanu kwa venda pa Nsaru n'kuwathamangitsira ku chipatala cha Kabudula. Kamodzi kokhako. Ndinakana chifukwa cha mmene a Zikani ankamwetulira. Bodza limenelo ndi langa, ndipo ndidzaliulula kwa amayi ndi pakamwa panga.

Tsopano tibwere ku lanu.

Makiyi anatengedwa tsiku lomwelo la 20 Epulo n'kuperekedwa kwa amayi. Ndinawapempha kudzera mwa amalume kuti andibwereke tsiku limodzi lokha. Anavomera pokhapokha a Zikani apite nawo ngati mboni. Lachisanu pa 3 Meyi tinapita ku Namitete kwa a Febe, mayi amene ali ndi galaji kuseri kwa msika. Anthu amati ndi amene amamva magalimoto a ku Japan. A Zikani anatulutsa kachipangizo kanu monyadira, a Febe anakatembenuza n'kukabweza.

"Kabwinobwino aka, koma si ka galimoto iyi," anatero. "Kamamva magalimoto opangidwira ku Joni ndi ku Ulaya. Iyi inapangidwa kuti iziyenda ku Japan konko, ili ndi kalankhulidwe kake. Mumafunsa munthu wa ku Nambuma m'Chizulu, akakhala chete mukuti wadulidwa lilime?"

Anthu amene anali pagalajipo anaseka. A Zikani sanaseke.

A Febe analumikiza kompyuta yawo pa malo omwe aja, ndipo galimoto inayankha nthawi yomweyo. Palibe waya wodulidwa. Kompyuta inati injini ikulandira mafuta ochepa. Anamangirira geji pa paipi ya mafuta. Anati muvi uyenera kufika pa 3, koma unaima pansi pa 2, ndipo akaponda unkatsikanso. Pampu ya m'thanki yatopa, siikukankha mafuta mokwanira. A Zikani atapita kukagula madzi, ndinawauza a Febe za malita asanu aja. Anati mwina anawonjezera matenda, koma sanawayambitse. Ndalemba monga ananenera, sindinachotsepo.

A Zikani atabwerera, a Febe anandifunsa, "Kodi kanyali ka injini kanayamba liti kuyaka?"

Ndinati sikanayakepo.

"Bambo, kompyuta ikuti kakuyaka panopa."

Tinasuzumira tonse atatu, palibe chowala. A Febe anamasula zomangira zinayi, nachotsa galasi la pa dashibodi, nakanda ndi chikhadabo. Panali kachidutswa ka tepi yakuda, kodulidwa bwino ndi lumo, komatidwa pamwamba penipeni pa kanyaliko. Atakamatula, kanyali kachikasu kanaoneka kakuyaka.

Mwina simunkadziwa, achimwene, kuti galimoto nayonso imasunga kope. Imawerenga mtunda umene yayenda kanyali kali koyaka. Kompyuta inaonetsa makilomita 4,011. Ine ndinatsegula langa. Tsiku limenelo nambala inali 121,280. Kuchotsa 118,406 kutsala 2,874. Umenewo ndiwo mtunda wonse umene ndayendetsa ine. Kuchotsa 2,874 pa 4,011 kutsala 1,137. Ndinawerengera katatu, a Febe anabwerezanso pa foni. Kanyaliko kanayaka kutatsala makilomita 1,137 kuti mufike pakhomo pa amayi. Inu nomwe munatiuza kuti msewu wochokera ku doko unali wa makilomita oposa 1,600. Ndiye kuti kanayaka muli pa chiwongolero, ku Tanzania. Wa ku Japan sakanamata nyali imene inali isanayake. M'galimotomo munali awiri, ndipo munachedwa tsiku lathunthu ku Mzuzu, kumene munati mumakonzetsa wailesi.

A Febe anafunsa a Zikani, "Inu achimwene, paulendowo munalipo eti?"

A Zikani anatulutsa foni imene sinalire, n'kupita nayo kunja. Pobwerera anatsika pa Nsaru osatsazika.

Ndikudziwa chifukwa chake munachita zimenezi. Munafuna kulowa m'mudzi pa Khirisimasi ndi galimoto yopanda banga, amayi aimbe nthungululu, anthu a kumpingo abwere kudzagwira chitseko. Zimenezo ndikanakukhululukirani. Mukanandinong'oneza kuti mng'ono wanga, pali kavuto, tikanakonza mwakachetechete. Koma munandisiya ndinyamule mayi wodwala maulendo 17 m'galimoto imene mumadziwa kuti ikhoza kuzima paliponse. Itazima, munatumiza munthu amene anaona tepiyo ikumatidwa kuti adzanditche wakuba pamaso pa amene anandibereka. Mkazi wanga Eliza wasiya kupita ku Chigwirizano chifukwa azimayi amanong'onezana akalowa. Ine Lamulungu lapitali sanandipatse mbale ya chopereka kuti ndiyendetse, ntchito imene ndagwira zaka 11.

Tepiyo ndaimata pansi pa kalata ino. Ndi yanu.

Amayi sindinawauze. Ndinangobweza makiyi n'kunena kuti pampu ndi yofunika ina. Akudziwabe kuti mwana wawo wa ku Joni anawagulira galimoto yabwino ndipo wa pakhomo anaiwononga. Sindifuna kuti zimenezi azimve kwa ine, chifukwa adzati ndi nsanje. Muwauze nokha. Mulankhulenso pa gulu lomwe lija, kwa anthu 23 omwe aja, ndi mawu anu, osati olemba. Sindikupempha kuti mundipepese. Mungonena zimene zinachitika ku Mzuzu.

Mpaka mutatero, galimotoyo sindiikhudza, ngakhale mutumize pampu khumi. Ili pansi pa mtengo wa mango, ndaiphimba ndi lona. Tsiku la amayi lokaonana ndi adokotala ndi Lachiwiri pa 14 Meyi. Ndapopa kale matayala a njinga ndipo Eliza wasoka khushoni ya pakaliyala. Ndidzawatenga monga ndinkachitira zaka zisanu ndi chimodzi inu musanagule kanthu. Akadzandifunsa chifukwa chake akukwera njinga galimoto ili pakhomo, ndidzaimba nambala yanu n'kuwapatsa foni.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana, Daniel ndi Vanessa, muwauze kuti mtedza wawo ndawasungira. Amalume akupereka moni. Amayi atamva kuti ndikulemba kalata, anandiyankhula koyamba m'masabata awiri. Anati ndilembe kuti amakupemphererani tsiku lililonse, ndiponso kuti musadandaule za galimoto, Mulungu adzakubwezerani. Ndalemba monga ananenera.

Moni wanga ndausunga kaye.

Ndine mng'ono wanu,
Ackson