Miyala ya Nyumba ya Bambo

Deir Sarhan, Lebanoni
21 Okutobala 1984

Wokondedwa mng'ono wanga Wadih,

Kaseti yako yafika, ndipo yandikwiyitsa. Mbali yoyamba yonse ukungolira za nyumba ya bambo, mbali yachiwiri ukundilamula kuti pasachoke mwala ndi umodzi womwe. Iwe amene wakhala ku Dakar zaka zonsezi, ukulamula ine? Ndani wakhala akukwera padenga la dothi lija mvula iliyonse, kukoka chimwala chotsendera mpaka msana kuuma? Kulira n'kosavuta munthu ali kutali.

Akulemba ndi Nakhle wometa, ine ndikungoyankhula. Ndamuchenjeza kuti akafewetsa liwu limodzi lokha, ndevu zangazi ndizikametetsa kwina.

Tsono tchera khutu, chifukwa kuno kwagwa zazikulu, zokoma! Kakoleji kathu kaja ka m'nyumba yakale yopotera silika kadzaza mpaka pakhomo. Ana athawa mabomba ku Beirut n'kukwera kuno, moti ena akuphunzirira m'khola la malemu Abu Jirjis, fungo la mbuzi lili pomwepo. Mkulu wa koleji anapita ku chilumba cha Kupro nthawi ya Pasaka, ati kwa sabata imodzi, ndipo sabatayo mpaka lero sinathe. Ndiye bungwe la koleji likusankha wina. Ine ndili m'bungwemo, poti malo aja anapereka ndi bambo.

Opikisana alipo awiri. Dokotala Rizkallah, wachiwiri kwa wothawayo, akufuna kusamutsira koleji kumzinda wa kugombe, kumene alamu ake ali ndi nyumba yosanja. Mayi Wardeh, ophunzitsa unamwino, amene sanachoke pano ngakhale tsiku lomwe bomba linagwetsa belu la tchalitchi, akuti timange pompano.

Pamsonkhano Dokotala anandiyang'anira pamwamba pa magalasi.

"Amalume Semaan, dziko likupsa, inu mukulota zomanga? Simenti siidutsa pazipata za asilikali."

"Mwanawe," ndinatero ine, "mbuzi zanga zasiya kubereka poti kuli nkhondo? Nanga agogo ako anabadwira m'simenti?"

Anthu anaseka mpaka ansembe anatsamwa khofi. Bungwe linagamula motere: miyala ikapezeka tisanamalize kuthyola azitona, timanga, ndipo mpando ndi wa Mayi Wardeh. Ikapanda kupezeka, koleji itsika ndi Dokotala. Ndipo chotsika phiri lino sichibwerera. Umboni ndiwe.

M'mawa mwake Mayi Wardeh ananditengera kumunda wa kuseri kwa koleji. Anali atathira laimu pansi, mizere yoyera mbee munda wonse.

"Mapulani a papepala simuwafuna, ndikudziwa," anatero. "Ndiye lowani muone nokha."

Wadih, ndinalowa pakhomo lopanda chitseko! Apa pophunzirira anamwino, apo posungira mabuku, uko kogona atsikana. Makoma ochindikala ngati a makolo athu, denga lopindika la miyala, kuti mizinga ikayamba kulira ana asamathamangirenso kuchipinda cha pansi, azingopitiriza kuphunzira. Mokondwamo ndinadumpha mzere wina, iwo n'kukuwa, "Amalume, mwaboola khoma!" Ndinabwerera, n'kukatulukira pakhomo ngati munthu wa ulemu wake.

Mudzi wonse wadzuka. Abulu sakupuma, nkhalamba zoyendera ndodo zikugubuduza miyala, wina wagwetsa khola, wina mpanda. Ngakhale Nakhle yuyu wapereka masitepe a pakhomo pake, moti ofuna kumeta akuchita kudumphira m'kati. Koma miyala yosemedwa bwino, ya m'ngodya ndi ya denga lopindika, ili panyumba imodzi yokha m'mudzi muno, ndipo ukuidziwa.

Usade nkhawa, mbali yako ya nyumba ya bamboyo sindinaikhudze. Ndaphwasula yanga yokha. Khoma la pakati nalonso theka ndi langa, ndiye ndachotsa theka langalo. Denga la mbali yako langotsamira pang'ono. Nakhle akuti liwu loona ndi lakuti lagwa, ati dzanja lake sililemba bodza. Wometa adziwa chiyani za madenga? Miyala yako yonse ilipo. Ndaiunjika bwino m'mbali mwa msewu, pamalo poti bulu atha kuima.

Vuto ndi mayi uja Wardeh, ngouma mutu kuposa ine. Ataona muluwo anafunsa kuti ngwa yani.

"Ngwa mng'ono wanga. Mawu anga ndi ake omwe."

"Ayi amalume. Sindimanga sukulu ndi miyala ya mkangano. Ndimve pakamwa pa mwini wake."

Ndinakalipa mpaka agalu anauwa, koma mayiyo osasuntha. Mtsogoleri amene ndikumufuna ndi ameneyo! Komabe azitona akutha m'mitengo, ndipo Dokotala wayamba kale kulongedza mabuku m'makatoni. Akamadutsa pakhomo panga amachita kuimba kamluzu.

Mlongo wathu Zahia akupereka moni. Maso ake afooka, koma kaseti ija waimvera katatu, akupukuta misozi ndi mpango. Mayi achikulire aja, Umm Elias, anatisiya mwezi watha, tinawaika mwakachetechete chifukwa njira zinali zotseka. Mkuyu wa pabwalo wabereka kwambiri chaka chino, odya ndiye achepa. Undiperekere moni kwa mlamu wanga ndi kwa ana ako, amene nkhope zawo sindinazionepo. Uwauze kuti pamwala wa pamwamba pa khomo lathu pakuonekabe mmene agogo awo anasemera, ndipo Mayi Wardeh alonjeza kuti iwe ukavomera, adzauika pakhomo lalikulu la nyumba yatsopanoyo. Pansi pa mwala umenewo tinkatulukira tonse m'mawa, iwe utanyamula mabuku, ine nyundo ya bambo. Sindinadandaulepo, ndipo sindiyamba lero. Ndingofuna ndisanafe ndidutsenso pansi pake, ulendo uno ndikulowera kumene kuli mabuku.

Choncho Wadih, leka kulira m'makaseti. Tsiku lomwe kalatayi ikufike, pita pa lamya, imba kusitolo ya mankhwala ya kwa Jabbour. Ikadula imbanso, ikadulanso imbanso. Uitanitse Mayi Wardeh, uwauze ndi pakamwa pako kuti, "Tengani."

Ine mkulu wako,
Semaan