Chisekamano cha ku Bradford

Bradford,
9 Januwale 2016

Okondedwa asuweni a Thomas, amuna anga abodza,

Ndikhulupirira muli bwino, pamodzi ndi mwendo wanu uja umene umangodwala nthawi yopalira. Ine kuno ndili bwino, musamve za anthu. Akundilembera ndi Mayi Lettie a kutchalitchi kwathu, kwawo ndi ku Chipata, ndiye mukaona Chinyanja chopindika mudziwe kuti si ine. Ndawauza kuti alembe momwe ndikuyankhuliramu. Kusukulu sindinapondeko, koma palibe anandikonzerapo mawu m'kamwa.

Nkhani yanga ndi ya Khirisimasi. Kwathu munthu akakupatsa kanthu umalandira ndi manja awiri, kuwomba m'manja, n'kukaika kuchipinda. Ukamakamasula uli wekha, ndipo nkhope ndi yako. Kuno ayi. Amakukhazika pampando, onse n'kukuzungulira, mwana wanga Ralph atakuloza ndi foni: "Tsegulani amayi, tione!" Ndiye ung'ambe pepala nkhope ili pamtetete.

Mukukumbuka paukwati wanga, azakhali atandipatsa mphika wong'aluka uja? Munandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti kuthokoza kumene ndachitako dzina lake ndi mmezamate. Tinaseka mpaka anthu anayesa tikulira. Ndiye dziwani kuti ntchito yanu ija ndaipitiriza, ndipo ndakuposani.

Ralph anandipatsa kandulo yonunkhira. Kandulo, asuweni, m'dziko limene magetsi sanazimepo chibwerereni ine! Ndinaonetsa mano onse amene anditsalira, maso ali phee. Chimenecho ndachitcha chisekamano. Apongozi anga a Fyness, mkazi wa Ralph, anandigulira beseni la magetsi loviikamo mapazi, limanjenjemera ngati lagwidwa malungo. Ine ndiike mapazi m'madzi a magetsi, ndatopa nawo moyo? Ndinakuwa kuti, "Eee, mwadziwa bwanji kuti ndimalifuna!" Ameneyo ndi mwadziwabwanji, amafuna mpweya wambiri. Kenaka juzi yofiira ya chinyama cha nyanga, mphuno yake yoyaka ukaidina. Apo mano anakana. Ndinangoikumbatira n'kukwiriramo nkhope ngati ndagwidwa chisoni cha chimwemwe. Mbisankhope. Imeneyo ndi ya akatswiri, inu simungaithe.

Mayi Lettie akuseka. Lembani mayi, inki ikuuma.

Musaganize kuti ndikudandaula. Ana awa amandisunga bwino. Amachoka kukadali mdima kupita kuchipatala kumene amagwira ntchito, amabwera kutadanso, ndipo nyumba ndi yofunda. Ine ndimakhala pawindo kuwerama ndi singano, kuona mabasi. Mawu amenewa ndimawanena ndekha kukhitchini, ndimasekanso ndekha. Tsiku lina ndinayesa kumuuza Ralph za mmezamate, iye anati, "Amayi, kodi kukhosi kukupweteka? Ndikubukireni kwa dokotala?"

Tsono nanenso ndinakonza mphatso. Mdzukulu wanga Annette wakula, wandipitirira paphewa. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi, ndiye timakhala ngati anthu awiri odikira basi. Ndinatenga chitenje chobiriwira chija ndinkaberekera bambo ake, chimene inu munkati chikufanana ndi dimba la mpiru, ndinamusokera diresi pamanja. Muyezo ndinatengera pa yunifolomu yake ili pachingwe. Maso anga mukuwadziwa, ulusi ndinkalowetsa mongopemphera. Ndinayamba masamba a mitengo asanayoyoke.

Anang'amba pepala ine ndikumuyang'ana. Asuweni, mwanayo anachita chisekamano. Atatero anaikumbatira diresiyo n'kukwiriramo nkhope, mbisankhope yeniyeni, yopanda pokonza. Kenaka anati, "Zikomo agogo," m'Chichewa, mawu ali bwinobwino. Ralph anawomba m'manja, a Fyness anapukuta misozi. Palibe anaona kanthu koma ine. Ndinati mumtima, magazi athu awa, palibe anamuphunzitsa. Ndinanyadira. Lembani choncho mayi, ndati ndinanyadira.

Lolemba lapitali ndinaona thumba lakuda pakhomo. Kuno zovala zimene atopa nazo amaziika m'matumba, galimoto imadzatenga, akuti zimapita kwa osauka. Pakamwa pa thumbalo panatulukira kansalu kobiriwira. Sindinafunse kuti waikamo ndani. Mwina mwanayo, mwina mayi ake poyeretsa, mwina inamuthina m'khwapa. Sindinaitulutse. Ine Nangondo sindinatolepo chinthu chimene ndinapereka kale. Ndinangokwera kuchipinda, ndinatenga juzi ya chinyama ija n'kuiika pamwamba pake, ndinamanga thumba. Zipite ziwiri, zizichezerana m'njira.

A Fyness atabwera anandifunsa kuti, "Mwaswera bwanji amayi?" Ndinawaonetsa mano. Koma chimenecho sichinali chisekamano, chinali china. Ndachifunira dzina sabata yonse, chikundikana. Inu ndinu munayambitsa zimenezi, ndiye chitcheni ndinu.

Zopempha zanga ndi ziwiri. Anthu amati matumba amenewa amathera pa kaunjika kwathu konko. Mukapita pamsika pa Mitundu muziyang'anako pamulu wa za atsikana. Ndi yobiriwira, msoko wa kumanzere ndi wokhota. Mukaipeza musanenerere mtengo monga mwa khalidwe lanu, ndi ntchito ya manja anga. Mupatse mwana aliyense amene imukwane, koma akatsegulire kuchipinda.

Chachiwiri, abusa athu akubwera kumeneko pa Pasaka. Muwapatsire kanthu kanga. Musasankhe kabwino. Mupeze chinthu chonyansa, chipewa chakutha ngati chanu chija, kapena supuni yopindika. Ndikufuna ndilandire chinthu chimodzi chokha chimene ndingauze mwini wake kuti, "Ichi n'chonyansa, Thomas, ulibe maso," iye n'kundibwezera mawu.

Mundiperekere moni kwa akazi anu enieni, muwauze kuti ndinawasiyira dala. Moni kwa onse a kumpingo. Mukadutsa kumanda muwauze azakhali kuti mphika wawo unali wong'aluka, ndinaopa kunena. Kuno kwayamba kuda, ndipo Mayi Lettie akuthamangira basi. Akapita nyumba ikhalanso zii.

Muyankhe msanga, musadikire mwendo upole.

Ndine msuweni wanu, mkazi amene munamulephera,

Nangondo