Ambulansiya Yodikira Alendo

Lolemba, 6 Agosto 2018

Ambulansiya yafika. Yoyera mbee, mipando idakali m'mapulasitiki. Waibweretsa ndi motorista, dalaivala wina wa ku Tete. Waiimika pansi pa mango pachipatala chathu, wakiya, wakwera shapa, minibasi zathu zija, kubwerera, kiyi ali m'thumba. Akuti kiyiyo akasiya kwa a Jorge, shefi wathu, bwana wa projeto ya zaumoyo ku Moatize. Mwambo wopereka usanachitike galimotoyo si yathu, ndi ya maparseyiro, azungu othandiza aja. Ife tiziiyang'ana kaye.

Ine ndapezapo ganyu. A Jorge aimba foni: “A Amós, paja mumalemba zikwangwani? Tikufuna nsalu yolandirira alendo. Tsiku ndi 14.” Chichokereni ku mgodi wa ku Benga, malasha atagwa mtengo n'kutigwetsa nafe, burashi ndi imene ikundidyetsa.

Lachiwiri, 7 Agosto

Ndaperekeza mkazi wanga Raquel kusikelo chifukwa dzulo anaona timagazi. Mayi Lídia, namwino wathu, amupima nthawi yaitali. Akukayikira kuti nsengwa yakhala m'munsi, yatseka njira ya mwana. Pano sangachire. Ayenera kupita kuchipatala chachikulu kumene amachita opaleshoni, ndipo apite atagona, namwino ali pambali. Osati pa shapa. Osati pa njinga kudutsa mapiri kupita ku Mwanza, monga tonse timachitira kuno ku Zóbuè zinthu zikavuta.

Za shapa sanafunike kutiuza. Mwana wathu woyamba anathera mu shapa tisanafike ku Moatize, Raquel atapanikizika pakati pa matumba a mbatata. Kansalu kofewa kamene tinamugulira kadakali pansi pa sutikesi. Sitikatchula.

Ambulansiya yakale ili pa njerwa kuseri, nkhuku zimaikiramo mazira. Ndafunsa kuti nanga ili panjayi? Mayi Lídia ayang'ana pawindo. “Iyo ndi ya pa 14.”

Lachinayi, 9 Agosto

Nsalu yatha. Pamwamba Chipwitikizi, pansi chathu: KULIMBIKITSA DONGOSOLO LA ZAUMOYO. Amayi odikira katemera afunsana kuti Dongosoloyo akudwala chiyani.

Andiwonjezera ntchito. Ndapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, mitengo mpaka m'chiuno, ndi khoma lakutsogolo. Lakumbuyo akuti alendo safikako. Mpopi wakhala wouma chiyambire Abril, koma tsopano ndi wabuluu.

Motorista wa ambulansiya yathu ndi Cremildo, mnzanga wa kumgodi, amene ankayendetsa magalimoto a malasha aakulu ngati tchalitchi. Iyi ndi ntchito yake yoyamba chitichotsereni. Amalawirira, amaipukuta, kenako amakhala pa chitini n'kumathamangitsa ana. “Mano Amós, m'bale wanga, ntchito ngati iyi sindinaionepo. Chiyambireni sindinagundepo ngakhale mbuzi.”

Loweruka, 11 Agosto

A Jorge abwera kudzatiyeserera mwambo. Kwaya, zolankhula, kudula fita, riboni ija, kenako kasewero: mayi woyembekezera anyamulidwe pa machira, alowetsedwe mu ambulansiya, izungulire bwalo la mpira sireni ikulira, ibwerere, alendo aombe m'manja. Poyamba amafuna mtsikana womanga pilo pamimba, kenako akumbukira kuti ku Angónia pilo anagwa alendo akujambula. Mayi Lídia ati: “Tengani mkazi wa a Amós. Mimba yake imaoneka ngakhale uli kumsika.”

Tayeserera injini ili zii, chifukwa gazoliyo, mafuta ake, naye abwera ndi alendo. Sireni amaliza ndi pakamwa Cremildo.

Ndawakokera pambali a Jorge n'kuwafotokozera za Raquel. Amvetsera ndithu, si munthu woipa. “Nanenso ndine bambo, a Amós. Koma galimoto iyi ilibe nambala. Mwambo ukatha ibwerera ku Tete akaiike nambala, mwezi umodzi, mwina itatu. Isanalembedwe singanyamule wodwala. Chitachitika china panjira, womangidwa ndine.” Ndafunsa za kasewero. Akuti kumeneko n'kosiyana, chifukwa wodwalayo ndi wongoyerekeza.

Atapita ndalowa kwa mayi Lídia nditatentha. Munati mkazi wanga agone, lero mukumusandutsa chidole? Sanasiye n'komwe kutsuka zitsulo zawo.

“A Amós, sukulu munapita nayo patali, ganizani. Ndi tsiku liti limene galimoto ija idzakhale ndi kiyi, thanki yodzaza, motorista kutsogolo, ine kumbuyo, mkazi wanu atagona m'katimo?”

Ayanika zitsulo zija, n'kupitiriza.

“Pageti, bwalo la mpira lili kumanzere. Msewu waphula uli kumanja.”

Lamulungu, 12 Agosto

Raquel amadziwa kale. Wandiseka: “Abambo, inu mumaona zilembo zokha.”

Potuluka m'tchalitchi ndamuuza Cremildo nzeru ya mayi Lídia. Tafika pamjigo, waima. “Mano, ndili ndi ana anayi. Ndatopa kugulitsa makala pamsewu. Sindinakumve, ndipo usabwerezenso.”

Sindingamunene. Kunyumba kwa alongo ake, kudera la 25 de Setembro, anadyako kale manyazi, akugona pakhonde akufunafuna ntchito.

Lolemba, 13 Agosto

Mwambo wasunthidwa, wapita pa 21. Wina watumiza chithunzi cha ambulansiya ku Maputo, ndiye parseyiro mmodzi waona kuti chizindikiro chake pachitseko n'chaching'ono kuposa cha mnzake. Sangabwere kudzaima pambali pa chipongwe choterocho. Ndafufuta 14, ndalemba 21.

Mbuzi ya alendo yapeza sabata ina ya moyo.

Lachitatu, 15 Agosto

Raquel wagona tsiku lonse. Timagazi m'mawa, masana tasiya.

Lachisanu, 17 Agosto

Ndakuza chizindikiro chija. Anditumizira muyeso pafoni, ndayeza ndi chingwe kawiri, Cremildo atandigwirira chitini cha penti. Tayankhula za mpira, za fumbi, za mtengo wa feteleza. Nditasuzumira pagalasi lakumbuyo ndaona bedi lake, malamba, kabotolo ka mpweya. Zonse zimene mu shapa muja munalibe. Wandipeza ndikuyang'ana, watembenukira kwina.

Apongozi abwera ndi nzeru yawo: timange machira, amuna anayi, tidutse mapiri mpaka ku Mwanza. “Pothawa nkhondo tinadutsa momwemo, uyu ndili naye kumsana.” Raquel wawayankha ali chigonere: “Amayi, nthawi imeneyo ndinali wopepuka.” Mayi Lídia akana. Akuti magazi akayambira paphiri palibe chimene angachite.

Lolemba, 20 Agosto

Pa 24 tsopano. Alendo ali kale ku Tete, koma ali pa seminaliyo kuhotela masiku atatu. Ndafunsa a Jorge kuti akukambirana chiyani. Akuti za amayi oyembekezera amene amachedwa kufika kuchipatala, ndi mmene angatiphunzitsire kufulumira.

Pamalo a tsiku nsalu yalimba ngati chikopa. Ndikafufutanso kamodzi ithyoka.

Lachitatu, 22 Agosto

Magazi ambiri m'mawa, mpaka kapulana yonse, chitenje chake chija, yanyowa. Tamunyamula kupita kuchipatala, mayi Lídia amuika soro, diripi ija, magazi asiya. Amugoneka m'chipinda chimene windo lake layang'anana ndi ambulansiya. Aimbira a Jorge ine ndili pomwepo. Ndimamva mawu awo kutali: apirire, atsala masiku awiri okha, ndipo ngati sali bwino tipeze wina wa kasewero. “Ayi shefi, ali bwino,” atero mayi Lídia. “Akhoza ndithu.”

Ndatsikira kumsewu kukafunsa a malole. Mmodzi wavomera kuti angamugoneke pamwamba pa matumba a chimanga. Nditamuuza Raquel wangotseka maso. Mayi Lídia ati Lachisanu likalephereka tikwera lole yomweyo, Mulungu adziwe.

Masana Cremildo wabwera, waima pakhomo chipewa chili m'manja. “Mlamu, mwaswera bwanji?” Raquel wati: “Ndikuloweza sewero, alamu.” Sanaseke. Watuluka, ndamuona akuzungulira ambulansiya, akumenya matayala ndi phazi. Mwina amatero tsiku lililonse. Sindinafunse.

Lachinayi, 23 Agosto

Gazoliyo wafika m'zigubu. Thanki aidzaza mpaka pakamwa, chifukwa alendo amakonda kusuzumira pa geji. Mbuzi yaphedwa. Fita yofiira yamangidwa kuchokera pagalasi mpaka pamango.

Raquel wandituma sutikesi. Ndafunsa ngati ndichotsemo zapansi. Wati ndibweretse mmene ilili.

Lachisanu, 24 Agosto

Ndikulemba pabenchi, kuchipatala chachikulu ku Tete. Kukhala chabe kukundikanika.

Alendo afika dzuwa lili pamutu, magalimoto oyera ndandanda, iliyonse yokwana kunyamula Raquel atagona. Kwaya yaimba nyimbo zonse imene imadziwa, yayambiranso. Zolankhula. Mayi wina wachizungu wawerenga Chipwitikizi chapapepala, a Jorge akumasulira: mayi asafenso chifukwa cha kutalika kwa njira. Taomba m'manja. Ine maso ali pawindo la Raquel. Lumo linali lobuntha, fita aidula mochita kucheka ngati nyama. Kiyi wadutsa m'manja ambiri, aliyense akuima kuti ajambulidwe, mpaka wafika kwa Cremildo.

Kenako kasewero. Tamutulutsa pa machira, milomo itayera, thukuta pamphumi. Mlendo wina wanong'oneza mnzake, a Jorge amwetulira n'kundiuza kuti akuti mkazi wanga amatha kusewera. Mayi Lídia akubwera pambuyo, soro m'mwamba, sutikesi kudzanja linalo.

“Sutikesi ya chiyaninso?” afunsa a Jorge.

“Kuti zioneke zenizeni, shefi. Ndipo mwamuna wake akwere nawo. Maparseyiro amakonda kuona abambo akutenga mbali.”

“Eya, eya. A Amós, kwerani.”

Chitseko chatsekedwa. Injini yalira koyamba chifikire. Sireni yeniyeni, ana akuthamanga m'mbali. Tafika pageti, Cremildo waima. Pakawindo kapakati ndimaona khosi lake ndi kanyali kolozera kumanzere kakuthwanima, thi, thi, thi. Kubwalo la mpira anthu anali atandandalika kale. Raquel wandifinya dzanja, ndipo ndaona kuti kapulana yayambanso kuda.

Cremildo wazimitsa kanyali kaja. “Mano, m'gwire bwino mlamu.”

Wakhotera kumanja. Kumbuyo ndimamva m'manja mukuombedwabe.

Foni yake yayamba kulira tisanamalize kutsika phiri. Wandiponyera. A Jorge: “Mwazungulira bwalo liti? Alendo aima padzuwa, chakudya chikuzizira.” Ndati shefi, wodwala uja wasiya kuyerekeza. Afunsa ngati mayi Lídia ali naye. Ndati ali naye. Adula.

Panjira apolisi atiimika? Ayi. Galimoto yopanda nambala, koma zizindikiro zonse zija pachitseko, chachikulu ndi chinzake chofanana ndendende, atipatsa sawasha. Mayi Lídia asintha soro galimoto ikuyenda, akumuyankhulitsa Raquel kuti asagone: za mtengo wa tomato, za apongozi, za mmene mbuzi ija ikudyedwera popanda ife. Pa Moatize fumbi la malasha lalowa ngakhale mawindo ali otseka. Tisanafikeko tadutsa malo aja pamene shapa inaima tsiku lija. Raquel sanaone. Ine ndaona.

Pano amulandira mothamanga, alowa naye kuchipinda cha opaleshoni, mayi Lídia atsatira mpaka pamene amaloledwa. Sutikesi andisiyira.

Cremildo ali panja, akumasula chidutswa cha fita chimene chabwera nafe pagalasi. Foni yake yaliranso kawiri, sanayankhe. Kenako uthenga, wandionetsa: a Jorge akuti Lolemba akaonekere ku ofesi ku Moatize. Pansi pake wina: mayi wachizungu uja akufunsa ngati zimenezi zinali pa programa, ndipo ngati angapeze chithunzi. Cremildo waika foni m'thumba. “Makala ndimadziwa kugulitsa,” watero, n'kupita kukafuna madzi oti atsukire m'katimo, poti galimoto ya eni sibwezedwa ili ndi magazi.

Dzuwa lapendeka. Chitseko chatseguka kangapo, koma za anthu ena.

Mayi Lídia atuluka, atavala zobiriwira za eni ake. Raquel sanatsitsimukebe, koma akuti magazi asiya. Atambasula dzanja. Ndawapatsa kapulana yapamwamba, akankha.

“Osati iyo, a Amós. Pansi. Kansalu kaja. Mwana akumva kuzizira.”

Ndapukuta m'manja pa buluku, penti yabuluu yakana kuchoka. Ndakatulutsa choncho.