Bambo Abisa Chifuwa kwa Dokotala

Lachitatu, mwezi wa Okutobala. Kwatentha koopsa.

Chikalata chimene bambo anga analandira pochoka kumgodi ku Joni chimanena momveka bwino kuti anasiya ntchito ali athanzi, m'chifuwa mulibe vuto lililonse. Amachisunga m'Baibulo.

Lero ndinatseka benchi yanga ya nsalu kumsika n'kuwaperekeza ku City Centre, kwa dokotala amene akupima anthu omwe anagwirapo ntchito m'migodi. Akawapeza ndi matenda a fumbi, ayamba kulandira chithandizo. M'minibasi ndinawachonderera kuti, "Bambo, mukanene zonse, musakabise."

Anavala jekete, dzuwa lonseli. Dokotala atawafunsa ngati amatsokomola, anati, "Ine? Mwa apo ndi apo, adokotala." Chifuwa anachimeza mpaka misozi inalengeza m'maso. Kenaka anayamba kufotokoza mmene ankawayesera kumgodi, kukwera ndi kutsika sitepe m'chipinda chotentha ngati uvuni, anzawo akukomoka.

"Ine sindinagwepo," anatero. "Kumeneko ukangotsokomola pamaso pa dokotala, ankakubweza kwanu."

Ndinafuna kuwatsutsa, koma kunena zoona ndinawanyadira. Anaima njo, chifuwa patsogolo, ngati akufunsiranso ntchito. Ndi kulimba mtima komweku kumene anatiphunzitsira ife ana awo, tonse asanu.

Dokotala wawajambula m'chifuwa, ndipo zotsatira tikamva Lolemba. Akakhulupirira zapakamwa pa bambo, tagwa nayo.

Kuchoka pakhomo la chipatala kukafika pokwerera minibasi, bambo anakhala pansi katatu.